Bango Loyezera Manda a Achimwene

Uthenga woti achimwene afa kunkhondo unatipeza tikudula mpunga kudambo la ku Kanyenda. Anabwera nawo mesenjala wa kuboma, ndipo sanakhale n'komwe pansi. Anapatsa amayi bulangete lotuwa, nati mwana wawo wagwera ku Bama, dziko loti m'mudzi monse panalibe ankadziwa ngati lili kotulukira dzuwa kapena kolowera. Atatero anapempha madzi akumwa, n'kupalasa njinga yake.

Ine ndinali ntchembere kale, mwana kumsana, ndiye musayese kuti ndikunena zakumva. Tinabuma maliro ine ndi amayi, kudikira kuti mudzi ubwere monga umachitira. Kunabwera azimayi owerengeka, kukhala pang'ono, kenako mmodzimmodzi kumadzuka: "Pepani, mbalame zitha mpunga." Amuna ndiye ayi. Usipa unali utagwa masiku amenewo, onse anali kugombe.

Kwathu kunyanja kuno, munthu akamira osapezeka sitingomusiya. Timadula thunthu la nthochi, kulikulunga bwinobwino, n'kuliika m'manda kuti mzimu wake udziwe pofikira. Amayi anapita kwa mkulu wa adzukulu, amuna okumba manda aja, kukapempha zomwezo. Anawayankha akusoka ukonde, osadzutsa mutu.

"Mayi, zanthochizo timachitira wotengedwa ndi nyanja. Uyu anapita ndi miyendo yake kukadya nyama zam'chitini. Amuike eni nkhondo."

Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero. Nyama zam'chitini? Pamene boma linkafuna anyamata m'mudzi uliwonse, ana a anthu omwewa anakabisala ku Dwambazi kwa azakhali awo. Amene anaimirira kuti mudzi usavutitsidwe anali achimwene. Lero akuti amuike eni nkhondo, opanda manyazi.

Amayi anangobwerera kunyumba. Kutacha anandiuza kuti ndisiye mwana kwa apongozi, nditenge makasu awiri. Anadula thunthu kuseri kwa nyumba, nalikulunga m'bulangete lija. Adzukulu amayeza mtembo ndi bango asanakumbe, koma ife mtembo tinalibe. Amayi anatenga bango, naliimika pakhomo pamene achimwene ankagunda chipumi nthawi zonse akamalowa, nawonjezera chikhatho chimodzi pamwamba pake.

"Ankafika apa," anatero.

Mkazi sakumba manda, aliyense amadziwa. Ine ndinkaopa polowa m'nkhalango ya manda muja, sindinama. Koma amayi atagwetsa khasu loyamba, mantha anandithera, n'kutsala ukali wokhawokha. Tinakumba, dothi lofewa pamwamba, pansi mizu yokhayokha.

Woyamba kumva makasu anali mkulu wina wotsimphina amene anthu ankamuseka chifukwa choyankhula yekha. Pa nkhondo ya Ajeremani, yoyamba ija, anali mtengatenga, wosenza katundu wa asilikali. Anaima, kuyang'ana bulangete, kutiyang'ana ife.

"Anzanga ndinawasiya m'mbali mwa msewu, afisi n'kumaliza," anatero. "Nditabwerako palibe anandifunsa za iwo. Mwanawe, tuluka m'dzenjemo, undipatse khasu."

Anakumba ngati mnyamata, thukuta kamukamu, akutchula maina amene sitinawamvepo.

Dzuwa litafika pamutu, azimayi opita kuchitsime anali atafalitsa kale kuti akazi akukumba manda amuna ali moyo. Mkulu wa adzukulu anatulukira ndi anzake awiri, mamba a nsomba ali m'manja. Chisoni sichinawabweretse ayi, anabwera chifukwa cha manyazi. Anasuzumira m'dzenje, nayang'ana thunthu, nagwedeza mutu.

"Mwadzivutitsiranji? Thunthu lalifupi chonchi, dzenje lotalika chotere? Tikumbe theka lokha, tibwerere kugombe."

Amayi anatola bango lija, naligoneka m'mbali mwa dzenje, nalipondera ndi phazi.

"Sitikuika nthochi pano, bambo. Tikuika mwana wanga."

Adzukulu aja analandira makasu. Anakumba mpaka pothera bango.

Pambuyo pake ndinamva kuti kumizinda azungu anamanga zipilala za asilikali. Sindinapiteko, ndipo sindikudziwa ngati dzina la achimwene lilipo. Pamaliro awo tinalipo asanu ndi mmodzi basi, popanda lipenga, popanda nyimbo. Koma mukadzafika ku Kanyenda mudzalowe kumanda kwathu, simudzafunsa munthu. Mtumbira wautali kuposa yonse ndi wa achimwene anga, ndipo khasu loyamba anagwetsa ndi amayi.