Fupa la Luwiza

Ndinakwera sitima pa Limbe Lachiwiri m'mawa, patapita milungu itatu chimuikireni mkazi wanga Luwiza m'manda a pamishoni pomwe ndimaphunzitsa. Uthenga unali utandipeza kuti kwawo kwa Nyachikadza akonza zoti Loweruka amwetse mwabvi a Zuwana, amayi ake aang'ono. Boma linaletsa mwabvi, koma kumadambo boma limafika mochedwa. Mlandu wawo unali wakuti tsiku lina akudzutsa Luwiza pamphasa, mkono wake unathyoka m'manja mwawo. Anthu anati munthu wamba sathyola fupa pongoligwira.

M'thumba la jekete ndinali ndi kalata ya dokotala amene anamusamalira, ndipo ndinkaikhulupirira kwambiri.

Ndinalipira mashereni anayi, n'kukhala pabenchi la matabwa pakati pa dengu la nkhuku ndi mayi wina wogulitsa nsomba amene ankabwerera kwawo. Sitima inkadya nkhuni, ndipo inkatilavulira makala pazenera. Titapitirira Luchenza n'kuyamba kutsika m'mbali mwa Ruo, kutentha kunatilandira ngati mwini mudzi.

"Aphunzitsi, jeketeyo mwabwereka?" anafunsa mayiyo. "Mukuopa kuti mukavula mwini wake alanda?"

"Muli kalata, mayi."

"Ndiye kalatayo ikafika itapsa. Ife tidyera pomwepo."

Anandipatsa mbatata yootcha ndi mutu wa mlamba. Ndinadya zonse, aka kanali koyamba kumaliza chakudya chichitikireni maliro.

Masana tinawoloka Shire pamlatho wa Chiromo, sitima ikuyenda mwaulemu ngati ikudutsa pamaso pa apongozi. Pa Bangula tinaima nthawi yaitali akupakira nkhuni. Ndinatulutsa kalata ija n'kuiwerenganso. Dokotala analemba zimene anandiuza pakamwa: kuti magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo matenda a Luwiza anali m'mafutamo. Ankadya fupa kuchokera mkati. Anandionetsa mkodzo wake m'kabotolo: ataufunditsa unayera ngati mkaka, atauwiritsa unayeranso mbee ngati madzi. Anati chizindikiro chake n'chimenecho. Ndinamuuza kuti zaka ziwiri msana usanayambe kuwawa, Luwiza ankatuwa m'manja, maso ali achikasu, mabala akuda akutuluka pakhungu popanda womumenya. Iye anati thupi linali litayamba kuwononga magazi ake omwe, ndipo ankaganiza kuti mavuto awiriwa n'ngapachibale, koma sanabise kuti njira yake sankaidziwa. Ndinamulemekeza chifukwa cha mawu omalizawo.

Tinafika pa Port Herald dzuwa likulowa. Ndinagona kwa mphunzitsi mnzanga.

Lachitatu m'mawa ndinapangana ndi mwini bwato, a Fombe, pa mtengo wa sikisi, theka la shereni. Tinalowa m'madambo, bango mbali zonse, mvuu zikufwenthera patali. Amayi ankazula nyika, mizu yodyedwa ya kakombo, m'madzi ofika m'chiuno. Pamalo pena, a Fombe akuponda bwato, nsungwi yawo inathyoka pakati, iwo n'kugwera m'madzi khuvu! Anatuluka ndi kakombo pamutu.

"Mwaona? Dzulo lomweli inali nkhalamba yolimba," anatero akuyang'ana mothyokamo. "Kunja bwinobwino, mkati ufa wokhawokha. Afumbwe awa alibe manyazi."

Ndinapempha chidutswa chimodzi. Anandiyang'ana ngati sukulu yandiwononga, koma anandipatsa.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Apongozi anga, a Bizeki, anali pansi pa mtondo ndi abale awo. Ndinakhala pansi chapatali n'kuomba m'manja. A Zuwana anali okha kuseri kwa nkhokwe; palibe ankadya nawo.

Ndinawerenga kalata yonse, kuimasulira mzere ndi mzere. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Takhuta, mkamwini," anatero a Bizeki, kuthokoza m'chilankhulo cha kwawo. "Mwawerenga bwino. Koma pepalalo linalipo tsiku lomwe mkono unathyoka?"

"Panalibe, bambo."

"Ife tinalipo. Tinamva kulira kwa fupa."

Ndinaona kuti ndinalakwa kunyamula pepala kupita nalo kwa anthu amene anamva ndi makutu awo. Ndinapinda kalata, n'kupereka nsungwi ija. A Bizeki anaikanda ndi chikhadabo, ufa n'kuthothoka.

"Anathyola ndi a Fombe, kapena afumbwe?" ndinafunsa.

"Mwana wanga sanali nsungwi," anayankha. Ndipo ankanena zoona.

Panatsala chinthu chimodzi chimene sindinauzepo munthu, ngakhale dokotala. Ndinavula jekete.

"Bambo, kuchipatala, masiku asanu asanamwalire, Luwiza anandipempha kuti ndimutembenuze. Ndinamugwira bwino, monga mwamuna agwirira mkazi wake wodwala. Nthiti yake inathyoka m'dzanja ili. Ndinaimva. Mayi Zuwana anali kuno, mtunda wa masiku awiri. Ngati wothyola fupa la Luwiza ndi mfiti, Loweruka musuke zikho ziwiri. Ndiyamba ndine."

Mlamu wanga wina anati, "Iyeyu akuwateteza." A Bizeki anamuletsa ndi dzanja. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa:

"Analira?"

"Ayi. Anati, 'Usaope, si iwe. Ngakhale kwa mayi aang'ono zinatere. Ndine ndafumbwa.'"

Mawu amenewo ndinawanena ndendende monga anawanenera.

A Bizeki anadzuka, nsungwi ili m'manja, n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Sindinamve zimene ananena. Posakhalitsa a Zuwana anabwera, maso ali pansi, atanyamula nsengwa ya nyika zophika. Anaika pakati pathu. A Bizeki anatola imodzi, n'kudya anthu onse akuona.

Lachisanu ndinabwerera ndi bwato la a Fombe, ali ndi nsungwi yatsopano imene anaigogoda kaye kuti amve kulira kwake. Kalata ya dokotala ndikadali nayo, ndipo zonse zili mmenemo n'zoona. Koma pa ulendowu ndinaphunzira kuti choona chimene ukufuna chipulumutse munthu, suchitumiza papepala. Umapita nacho m'dzanja lako lomwe, ndipo umalitambasula.