Laputopu Yogona pa Pilo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene laputopu inalowa m'nyumba mwathu ku Sadzi. Inali ya achimwene anga, a Mphatso, omwe ankaphunzira kukoleji konkuno ku Zomba. Anaigula yogwirapo kale ntchito, yokalikakalika pamsana, koma kwathu inalandiridwa ngati mkwatibwi. Amayi anailukira kansalu ka ulusi woyera, konga kamene ankafunditsa wailesi, ndipo anakhazikitsa lamulo lakuti chinthu chodula sichikhala pathebulo pouma. Aliyense wofuna kuigwira ankayamba wayala bulangete, n'kuika pilo, laputopu n'kukhala pamwamba.

Achimwene anaikamo gemu ya mpira, ndipo akabwera kunyumba Loweruka ankandisiyira kuti ndisewere iwo akuchapa. Ine mwana wamkazi, amene anyamata ankandikaniza chikulunga pabwalo, apa ndinapeza bwalo langalanga. Gemu ija ndinaikonda kuposa chakudya, sindinama. Mu Juni ndi Julaye, nkhungu ikutsika kuphiri, zala zitauma ndi chisanu, osewera anga ankathamanga bwinobwino.

Zinthu zinasokonekera mu Okutobala, kutatentha. Ndikangosewera pang'ono, laputopu inkayamba kuwefuka, osewera n'kumayenda ngati aponda matope a mumtsinje wa Likangala. Ndikadina kuti wosewera amenye, iye ankayamba waganiza kaye. Mpira unkaima m'malere, kenako ndingoona uli kale mu golo langa. Ndinkachita kulira ndi ukali.

Abambo, omwe anali asanaigwirepo n'kamodzi komwe, ndi amene anagamula mlandu.

"Magemu akewa akupha makina. Mphatso, uchotse zimenezi lero. Sukulu yako ili m'menemo."

Achimwene sanatsutse. Anangoti, "Ndamva, bambo. Koma mundilole ndione kaye chimene ikudwala."

Achimwene anga ndi munthu wosapupuluma, mwina mopitirira muyeso, ndipo tsiku limenelo anandisowetsa mtendere. Ankasintha chinthu chimodzi, n'kundiuza kuti ndisewere, iwo akuyang'ana. Analumikiza chaja kumagetsi, chifukwa laputopu ikamayendera batire imaumira mphamvu. Anatseka zina zonse zimene ndinkasiya zotsegula, nyimbo ndi zithunzi. Zinasinthako, koma pang'ono. Kenako anainyamula papilo paja n'kundigwiritsa kunsi kwake. Ndinachotsa dzanja msangamsanga, kunali kotentha ngati simbi.

"Ukuona timabowo iti? Ndi mphuno zake. Ikatenthedwa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse."

Anatenga pampu ya njinga ya abambo n'kupopera m'timabowo tija. Munatuluka fumbi ndi ubweya wofiira, ndipo tonse tinauzindikira: unali wa bulangete lija. Anaika laputopu pathebulo pouma pomwe pankaletsedwa, atatsamiritsa ngodya iliyonse pa chitsekerero cha botolo kuti mphepo izidutsa pansi.

Chotsiriza ndi chimene chinandiwawa. Anandifotokozera kuti makompyuta a magemu amakhala ndi chipangizo chapadera chojambula zithunzi, koma yathuyi inalibe. Ubongo wake umodzi womwewo unkawerengera, womwewonso n'kumajambula, ngati wakabaza mmodzi wonyamula munthu ndi matumba ake omwe. Ndiye analowa m'gemu muja n'kuyamba kutsitsa katundu. Anachotsa zithunzithunzi za osewera, anachotsa kuwala kwa udzu, anachotsanso khamu lonse loonerera. Nkhope za osewera zinasanduka mbatata.

"Achimwene, mwaiwononga!" ndinadandaula.

"Iwe ukufuna kuonera anthu kapena kumenya mpira? Tasewera."

Ndinasewera. Mpira unkachoka paphazi nthawi yomweyo ndadina, laputopu ili phee. Ndinagoletsa chigoli choyera, ndipo ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika pakhonde. Abambo anasuzumira, nakhala kanthawi akuyang'ana, kenako anati, "Chabwino, ikhale. Koma homuweki iziyamba." Akutuluka anafunsa ngati timu yofiirayo inali yanga.

Amene sanakondwe anali amayi. Anaima pakhomo atagwira kansalu kawo koyera, akuyang'ana ubweya uja pansi.

"Ndiye kuti ndine ndimaipha?" anafunsa chapansipansi.

Ndinawamvera chisoni kwambiri, pakuti kansalu kaja anakaluka ndi mtima wonse. Achimwene anawayankha mwaulemu kuti ayi, izifunda ndithu, koma ikazimitsidwa n'kuzizira. Kuyambira tsiku limenelo amayi ankayamba aigwira kunsi ndi kuseri kwa dzanja, ngati akuyesa mwana malungo, kenako n'kuifunditsa.

Laputopu ija inatumikira achimwene mpaka anamaliza koleji, ndipo ine ndinasewera mpira wanga m'bwalo lopanda oonerera, mosangalala. Nkhaniyi ndinaiiwala mpaka chaka chatha, nditabereka mwana wanga woyamba. Kunali kotentha ngati nthawi ija, koma ine ndi mantha a uchembere woyamba ndinamuveka chipewa cha ulusi, juzi ndi masokosi, n'kumukulunganso mu shawelo. Mwana ankangolira, osayamwa, ine n'kumaganiza kuti mkaka wanga ndi umene wavuta. Amayi atafika anangolowetsa dzanja pamsana pake, n'kuyamba kumuvula chimodzichimodzi.

"Mwana wanga, waiwala laputopu ya Mphatso? Musiye apume."

Mwana anatonthola, nayamwa, nagona. Tinaseka mpaka misozi. Pano ndimadziwa kuti chinthu chikayamba kufooka m'manja mwanga, ndisathamangire kuloza chala kwina. Ndimayamba ndagwira kunsi, chifukwa nthawi zambiri chimene chikuchilemera ndi bulangete limene ndachifunditsa ndekha pochikonda.