Kazenera kamene ndinakaphonya

A Yusufu, mlonda wa ku Westville wochokera ku Mangochi, ndiwo anandiphunzitsa kupanga mapulogalamu a pakompyuta. Tinkagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere imene aliyense amaloledwa kuisintha: umangokoka batani n'kuliika pazenera la pakompyutapo. Tinapanga kapulogalamu kolembera katundu wa m'shopu ya ku Chatsworth komwe ndimagwira ntchito. Mawu onse iwo anawalemba m'Chichewa, ati ndisamapukwe kumudzi.

Tsiku lina Sipho, mnzanga wa pantchito, anasuzumira. "Chilankhulo chanji ichi?"

"Eish, kaya," ndinayankha m'Chizulu changa chopotoka. "Mwina ndi vairasi."

Tsiku lomwelo ndinasintha zonse kukhala Chingelezi. A Yusufu akafunsa, ndinkati, "Kakuyenda bwino, bambo." Anamwalira chaka chatha asakudziwa.

Koma kazenera kamodzi ndinakaphonya. Ndikafuna kutseka ndisanasunge ntchito, kamatulukira: "Pepani achimwene, mwaiwala kusunga." Ndimachita kumva mawu awo, ndi kachifuwa kawo komwe.

Ndikudziwa pamene pali mzere wa mawuwo m'kapulogalamuko, ndipo sindidzaufufuta. Koma mpaka lero kakatulukira, ndimayamba ndacheuka kuona ngati Sipho ali pafupi.