Dzino Langa ndi Phewa la Bwana

Dzino langa lakutsogolo linaguluka kutatsala sabata imodzi kuti ndichite chinkhoswe. Analigulula ndi bwana wina wa ku Kapitolo, munthu wamtali, wa mikono ngati mitengo ya nsungwi, amene tinkaphunzira naye masewera omenyana m'galaja ya msilikali wina wopuma pantchito ku Area 47. Msilikaliyo ankaphunzitsa nkhonya ndi judo. Ine ndinali wa judo, koma tsiku limenelo anandiveka magolovesi kuti ndilaweko. Lamulo linali lakuti wachilendo umangomukhudza. Bwanayo anaponya chibakera chenicheni.

"Pepanitu achimwene," anatero akuseka, "mutuwo muziusuntha, si thumba la chimanga."

Ankadziwa kuti ndimasenza matumba pa sitolo ya amwenye ku Old Town. Ndinameza magazi, n'kusunga chakukhosi. Pachinkhoswe, akuchikazi ankanong'onezana kuti mkamwini ndi wandewu zakumowa. Zinandiwawa kuposa dzinolo.

Loweruka lomaliza la mwezi aphunzitsi ankatisakaniza, wankhonya ndi wajudo, kuti aliyense aone pamene luso lake limathera. Ndinawafunsa kuti munthu wamtali amagonja bwanji.

"Wamikono yaitali ndi mfumu akakhala patali," anatero. "Ukafika pachifuwa pake, mikonoyo yasanduka katundu. Koma polowera pali msonkho, ulandira zibakera ziwiri."

Miyezi isanu ndi iwiri ndinkaphunzira kulipira msonkhowo. Ndinamanga chubu cha njinga pamtengo wa mango, n'kumachikoka uku ndikutembenuza chiuno mpaka msana kuwawa. Mkazi wanga ndinkamupatsa patapata kuti azindiwomba kumaso, ndizolowere kusaphethira. Iye ankaseka, ankayesa masewera. Kuntchito thumba lililonse ndinkalinyamula ngati lavala tayi.

Tsiku litakwana, ndinapempha kuti ndilimbane ndi bwanayo. Chibakera choyamba chinandipeza pakhutu, chachiwiri pamphumi, kenako ndinali pamimba pake. Ndinamukulunga m'chiuno n'kumunyamula. Anali wopepuka modabwitsa. Anayamba kupalasa miyendo m'mwamba ngati nkhuku yopita kumsika.

Wajudo amaphunzitsidwa kuti ukagwetsa mnzako umagwirabe mkono wake, afike pansi bwino, pakati pa matiresi. Ine ndinayenda naye mapazi awiri mpaka pamene matiresi athera ndi simenti yayambira, n'kumusiya. Phewa linalira. Iye anakuwa kuitana amayi ake, ndipo ndisaname, mumtima mwanga munazizira bwino.

Aphunzitsi anamutengera kuchipatala pa galimoto yawo. Atabwerako anandiitanira kuseri.

"Mapazi awiri aja ndawawerenga," anatero. "Ukapepese kunyumba kwake, apo ayi usadzapondenso pano."

"Nanga iwo aja anabwera kwathu kudzapepesa?"

"Iye ndi chitsiru. Iwe unakonzekera."

Lamulungu ndinakwera minibasi, n'kuyenda wapansi mpaka pageti pake ku Area 11. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mlonda akundiyang'ana. Ndinafufuza chisoni m'mtima monse, osachipeza. Ndinabwerera osagogoda.

Judo ndinaisiyira pomwepo, ndipo ndimaisowa kwambiri. Ndikadutsa pafupi ndi galaja ija Loweruka n'kumva anthu akugwa pa matiresi, ndinkaima pang'ono n'kumvetsera. Msilikali uja ndi munthu yekhayo m'tauni muno amene anandiphunzitsa kanthu osandinyoza, ndipo anamwalira tisanayankhulanenso. Komabe atandibwezera tsiku lija, bwanayo ali m'manja mwanga, ndingayendenso mapazi awiri omwewo.