Ndinatsekera Mnzanga Intaneti, Wolira Anali Mwana Wanga

Ndikuvomera, inu owerenga, kuti ndine munthu wosunga mangawa, ndipo mangawa angawo anapweteka mwana wanga yemwe.

Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kuno ku Lisasadzi, komanso ndimalima fodya ngati wina aliyense. Kuno netiweki ya foni imagwira pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa bwalo la mpira. Choncho tinakondwa kwambiri akufuna kwabwino atatipatsa rauta, kabokosi kamene kamakoka intaneti kudzera pa mlongoti wa padenga n'kumagawira mafoni ndi makompyuta popanda waya. Amene anatumizidwa kukaphunzira kasamalidwe kake ndine.

Kumeneko ndinaphunzira kuti chipangizo chilichonse chili ndi nambala yakeyake, ngati belo la fodya. Rauta sidziwa nkhope ya munthu, imangodziwa nambalayo. Ukaiuza kuti nambala yakutiyakuti isalowe, ngakhale mwini wake alembe pasiwedi yolondola kakhumi, salowa.

Tsiku lina pa msonkhano wa aphunzitsi, a Mwale, mphunzitsi wa masamu, anandinenera kwa ahedi kuti ndimathawa makalasi kukasankha fodya kuchigafa. Zinali zoona, koma kundiyalutsa pagulu chotero? Anzanga anaseka, ine mtima unawira. Ndinalumbira kuti munthu ameneyu aona chomwe chidameta nkhanga mpala. Tsiku lomwelo ndinatsekera laputopu yawo.

Milungu itatu ndinkawaonera pazenera akukwera chulu dzuwa likuswa mtengo, laputopu atainyamula ngati mbale ya chopereka. Akandifunsa ndinkawauza kuti laputopu yawoyo yakalamba. Sindinama, ndinkamva kukoma.

Mwana wanga woyamba, Tadala, ankafunitsitsa unamwino. Fomu yofunsira malo ku koleji inali yotumiza pa intaneti, ndipo ankatseka Lachisanu masana. Chikalata china chimene tinkadikira chinafika m'mawa wa Lachisanu lomwelo, ine nditapita kale ku okushoni ndi mabelo anga, foni ya pakhomo ili m'thumba mwanga. Tadala anathamangira kusukulu. Laputopu pasukulu ponse inali imodzi, ya a Mwale, ndipo anamubwereka mosanyinyirika. Rauta inakana. Anakwera naye chulu, koma netiweki ya pamenepo inalibe mphamvu yotumizira zikalata. A Mwale anandiimbira kasanu ndi kamodzi. Ine poona dzina lawo ndinkangobwezera foni m'thumba, uku ndikumwetulira kuti lero wandifuna.

Nditafika kunyumba ndinawapeza pakhonde, Tadala ali pambali maso ali psuu.

"Pepani achimwene, laputopu yangayi yamulakwira mwana," anatero a Mwale. "Munkanena zoona, yakalamba."

Ndinasowa poyang'ana. M'mawa mwake ndinachotsa nambala ija mwakachetechete, osauza munthu. Tadala watha chaka akusoka fodya, pamene anzake awiri amene anapeza malo ku kolejiko amabwera ku tchuthi akukamba za kuwodi ya kuchipatala. Mkwiyo umene ndinasungira a Mwale sunathe, unangotembenukira kwa ine mwini, ndipo umandidya tsiku ndi tsiku.

Inu owerenga, akakupatsani kiyi wa chinthu cha gulu, kaya ndi rauta kaya ndi mjigo, musamenyere nkhondo zanu pamenepo. Makina sasankha kuti uyu ndi mdani, uyu ndi magazi ako. Ngati munthu wakulakwirani, pitani mukamuuze pamaso.

Tadala amatamabe a Mwale kuti anayesetsa. Nthawi zina amandifunsa kuti, "Koma bambo, foni ija simunaimve?"