Tiyi wa m'Chitsekerero cha Oyilo

Lero makaniko wandionetsa chitsekerero cha oyilo cha galimoto yanga. Chinali ndi phala lotuwa ngati tiyi wamkaka. "Gasiketi yapsa, mayi, madzi akulowa mu oyilo." Ine ndangophulika kuseka, iye n'kudabwa.

Ndinali kamtsikana ka Sitandade 2 pamene anyamata a chipani anatulukira kwathu pa doko la Kachulu m'mawa wina. Ankafuna lole ya bambo. Akuti titsitse matemba athu onse, inyamule azimayi okavina ku Zomba. Masiku amenewo kukana kunali kudziitanira ndende.

Bambo atawaona akubwera, anandilanda kapu ya tiyi wamkaka, n'kudonthezera pang'ono m'chitsekerero cha oyilo cha loleyo, kutakasa ndi chala, n'kundibwezera kapuyo.

"Onani nokha, achimwene," anatero ataimika boneti. "Oyilo wabwino satuwa chonchi. Apa gasiketi yapsa. Loleyi ikufereni panjira."

Wamkulu wawo anapisamo chala, n'kununkhiza. Kenaka ananjuta patsogolo panga, thukuta lake likundikwana m'mphuno.

"Iwe, mwana sanama. Loleyi inayenda dzulo?"

Matembawo tinayanika ndife, ine ndi amayi, padzuwa loswa mtengo, mpaka zala kung'ambika. Akatsitsidwa pansi, adyedwa ndi agalu ndi akhwangwala.

"Inabwera mochita kukankha," ndinatero. "Ngati mukuifuna, kankhani nokha mpaka ku Zombako."

Anandiyang'anitsitsa osaphethira. Inenso osaphethira. Ndinakweza kapu ija, maso ali pa iye, n'kugugudiza tiyi wotsalayo, wozizira kale, akununkha oyilo. Loleyo sanaitenge.