Makapisozi Khumi ndi Anayi

Klamidiya ndi matenda opatsirana pogonana omwe munthu angakhale nawo nthawi yaitali osamva kupweteka, uku akutseka njira za chiberekero. Chinzonono tili nalo dzina lake m'Chichewa. Awa tilibe.

Ndinkagwira ntchito kunyuzipepala ku Blantyre pamene mng'ono wanga, wotchola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo, anandiitanitsa. Anali atatha zaka zinayi pabanja wopanda mwana, ndipo abale a mwamuna wake anali atayamba kale kuyankhula.

Tinakhala kuseri kwa nyumba yawo kumakomboni. Anati m'mimba munkamupweteka cham'munsi. Kukiliniki ya pa esiteti kunalibe chopimira, koma namwino anatchula dzina la matendawo. Mwa mankhwala omwe anamupatsa munali makapisozi khumi ndi anayi, awiri patsiku kwa sabata, komanso kapepala koitanira mwamuna.

"Kapepalako kali kuti?" ndinafunsa.

"Ndinakaotcha, achemwali. Ndikanawapatsa akanati matendawo ndabwera nawo ndine. Komanso kukiliniki munthu sapita osatsanzika kwa akapitawo. Pofika masana gulu lonse ladziwa."

"Nanga makapisozi?"

"Tinagawana. Asanu ndi awiri ine, asanu ndi awiri iwo. Ndinawauza kuti ndi a msana."

Ananena monyadira pang'ono, ngati munthu wapeza njira. Ndinamuuza kuti theka la mankhwala silichiritsa aliyense, ndipo apatsirananso. Anangoyang'ana dengu lake lotcholera.

Mlamu wanga ataweruka kufakitale ndinayesa kumuuza za matendawo.

"Alamu, ine ndikudwala? Tandionani bwino. Matumba ndimanyamula tsiku lonse. Zam'nyuzipepalazo kazilembani ku Blantyre komweko."

Anaseka, osati mwachipongwe. Sankamvadi kupweteka kulikonse, ndipo ndinalibe choti ndimuonetse.

Ndinapita naye mng'ono wanga kuchipatala cha mishoni. Analandira makapisozi ena khumi ndi anayi, ndipo ndinakhala naye sabata yonse mpaka anamaliza. Dokotala anatiuza mosabisa kuti mankhwala amapha tizilombo, koma ngati njira zatsekeka kale sangazitsekule. Anatipatsanso kapepala kena. Ndinakapereka ndekha kwa alamu. Anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la ovolosi, ndipo sindinakaonenso.

Tsiku limene ndinkakwera minibasi yobwerera, ankhoswe anali atagwirizana zokumana Lamlungu lotsatira. Aliyense kumakomboni ankayembekeza kuti banja litha, ndi kuti mvula isanagwe alamu akwatira mtsikana wina wa kwa Goliati yemwe abale awo anali atamuona kale. Kapepala ka mtsikanayo nakonso kanalibe woti akamupatse.